Jezi ya timu yomwe kulibe

Tinafika ku Belleville, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mu Okutobala 2016: ine, mayi a kunyumba, ndi mnyamata wathu amene pa nthawiyo anali ndi zaka 8. Ndi tauni ya anthu pafupifupi 50,000, m'mbali mwa Bay of Quinte pamene mtsinje wa Moira umathira madzi ake, ulendo wa maola awiri kuchokera ku Toronto mukatsata msewu wa 401. Majuzi amene tinagula ku Limbe poganiza kuti ndi ochindikala anangokhala ngati neti ya udzudzu. Sabata yoyamba yomweyo tinakalowa mu sitolo ya kaunjika, imene kuno zovala zake sizikhala pa mulu pansi koma pa mahang'ala, chilichonse ndi mtengo wake.

Ife tili kalikiliki kusankha majekete, mwana anatulukira kuseri atanyamula jezi yaikulu yomufika m'mawondo, pachifuwa pali ng'ombe yamphongo yolusa. Dzina la timu linali Belleville Bulls, timu ya hockey. Ine wa Bullets chibadwire, ndinangoti awa ndi abale athu, dzina langoperewera zilembo zochepa. Ndinalipira madola 8. Tili panjira ndinayankhula mawu amene ndikanayenera kuyamba ndawameza: "Loweruka likubwerali tikawaonere anyamata amenewa."

Safunsa anadya phula. Foni ndinali nayo m'thumba, intaneti inalipo, koma ndinaona ngati palibe chofunsa. Timu ili ndi dzina la tauni, ndiye ingakhale kuti? Loweruka madzulo tinakwera takisi mpaka ku bwalo la Yardmen Arena, mwana atavala jezi yake pamwamba pa jekete. Magalimoto panja anali owerengeka. Ndinati mwina tafulumira. Pa kauntala panali mayi wachikulire, ndipo ndinamupempha matikiti awiri a masewero a Bulls. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso jezi ija. Kenaka anati, motsitsa mawu ngati akupepesa maliro, "Bambo, a Bulls anachoka chaka chatha. Kulibenso."

Ndinaganiza kuti akutanthauza kuti anatuluka mu ligi, monga zimachitikira kwathu timu ikathera kunsi kwa tebulo. Ndinafunsa kuti ndiye akusewera mu ligi iti tsopano. Anapukusa mutu. Timu inagulitsidwa, inasamukira ku mzinda wina, inasintha dzina. Mwana sanalire, koma njira yonse yobwerera sanayankhule, ndipo kwa ine kukhala chete kumeneko kunawawa kuposa kulira.

Mawa lake m'mawa, madala amene tinayandikana nawo nyumba anali panja kusesa masamba. Sabata ziwiri zonsezo tinkangokwezerana mkono chapatali. Ataona jezi pa mwana anasiya chosesera, n'kubwera mpaka pa mpanda. Anafunsa kumene tinaipeza. Nditawafotokozera za ulendo wathu wa dzulo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka maso awo anachita ngati alengeza misozi. Anatiitanira kwawo. Kuchipinda chapansi anatsitsa katoni ya nsapato yodzaza ndi zidutswa za matikiti, ndi katoni ina ya timabuku ta masewero, tina titasanduka tachikasu. Zambiri zimene ndilembe apa ndinayamba kuzimva pa mpando wa m'chipinda chimenecho, ndipo pambuyo pake ndinakazitsimikiza ku laibulale ya mu tauni, powerenga makope akale a nyuzipepala ya kuno, The Intelligencer.

Choyamba anayenera kundiphunzitsa masewero enieniwo, chifukwa hockey imene ndinkaidziwa ine ndi ya pa udzu. Iyi ndi ya pa ayezi. Mbali iliyonse kumakhala anthu 6 kuphatikiza goloboyi, atavala nsapato za mpeni kunsi, akulimbirana kachimbale ka labala wolimba kotchedwa puck. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wolakwa samupatsa khadi koma amakamukhazika m'kabokosi mphindi ziwiri anzake akuvutika operewera. Mawu oti junior asakupusitseni, si masewero a ana a sukulu ongotayitsa nthawi. Ndi anyamata a zaka 16 mpaka 20, ndipo ligi imene a Bulls ankasewera, Ontario Hockey League kapena kuti OHL, ndi imodzi mwa maligi atatu akuluakulu a msinkhu umenewu ku Canada, kumene matimu a NHL, ligi yaikulu kwambiri ya hockey ku North America, amakasankhako osewera. Masewero 68 pa chaka, maulendo a basi usiku, m'mawa kusukulu. Anyamatawa amachokera kutali, ndiye amagonera m'makomo mwa mabanja a mu tauni, amene amawatcha ma billet. Madala aja ndi malemu akazi awo anasungapo anyamata angapo. Akuti mnyamata mmodzi ankatha mkaka wa banja lonse pa tsiku limodzi.

Timu inayamba mu 1979 mu ligi yaing'ono, chaka chimodzi bwalo la Yardmen litatsegulidwa. Dzina la bwaloli lili ndi nkhani yake: linachokera kwa anthu ogwira ntchito ku njanji amene anasonkhanitsa ndalama zothandizira kumanga. Madala nawonso anapumira ntchito ku njanji, ndiye akamati "bwalo lathu" sankanena mongokometsa. Mu 1981 a Bulls anafika mpaka ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse cha maligi aang'onowo, Centennial Cup, n'kugonja kwa Prince Albert Raiders. Chaka chomwecho analandiridwa mu OHL. Mwini wake wodziwika wa zaka zimenezo anali Dr. Robert Vaughan, kochi wa nthawi yaitali anali Larry Mavety, ndipo Wayne Gretzky, amene anthu kuno amamutchula ngati mmene ife timatchulira Pelé, anakhalapo ndi gawo la umwini wa timuyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mng'ono wake Brent anadzasewera pomwepa.

Chimene madala ankanyadira kwambiri chinali kukula kwa ayezi. Mabwalo ambiri a ku North America ndi mamita pafupifupi 61 m'litali ndi 26 m'lifupi. La Yardmen linali la muyezo wa ku Olympics, mamita 30 m'lifupi. Mamita anayi amamveka ochepa, koma akuti alendo ozolowera kupanikiza mdani ku khoma ankapezeka akuthamangitsa mphepo, pofika chigawo chachitatu malilime ali panja. N'chifukwa chake a Bulls ankakonda kusankha anyamata aliwiro. Mipando inali yongopitirira pang'ono 3,000. Kuchepa kumeneku n'kumene kunkachititsa kuti phokoso likhale loboola m'makutu, ndipo n'komwenso kunadzakhala chimodzi mwa zifukwa zoti timu ichoke.

Akafika pa 1999 madala ankaimirira. Nkhani imeneyi ndinaimva kosachepera kakhumi, ndipo nthawi zonse ankaimirira. A Bulls anali atafikapo ndime yotsiriza ya OHL mu 1986 n'kugonja kwa Guelph Platers. Mu 1999 anafikanso, kochi ali Lou Crawford, adani ali London Knights. Kuno chikho satengera masewero amodzi. Matimu awiri amakumana mpaka wina apambane kanayi, ndipo ulendo umenewu zinafika pa masewero achisanu ndi chiwiri, aliyense atapambana katatu. Usiku umenewo Belleville inapambana 9-2. Zigoli zisanu anamwetsa mnyamata mmodzi, Jonathan Cheechoo, wa mtundu wa Cree wochokera ku Moose Factory, kumpoto kwenikweni kwa Ontario, yemwe anadzatsogola pa omwetsa zigoli mu NHL yonse mu 2006 ndi zigoli 56 ali ku San Jose Sharks. Madala ankawerenga zigoli zisanuzo pa zala, chilichonse ndi mmene chinalowera, kwinaku akugwiritsa ndodo yawo yoyendera ngati ndodo ya hockey. Tsiku lina anagwetsa nayo nyali. Chimenecho ndi chikho chokha cha J. Ross Robertson Cup chimene a Bulls anatenga pa zaka 34 zimene anakhala mu OHL. Atapita ku Memorial Cup, mpikisano wa akatswiri a maligi atatu aja, umene chaka chimenecho unachitikira ku Ottawa, anathera mu ndime ya matimu omaliza asanafike pa fayinolo, atagonja kwa eni bwalo, Ottawa 67's.

Mu 2008 anatsala pang'ono kubwereza, kochi ali George Burnett, koma anagonja kwa Kitchener Rangers, pa masewero achisanu ndi chiwirinso. Za chaka chimenecho madala sankachedwapo.

Mwana wanga zonsezi ankangomvera mwaulemu, maso ali pa mabisiketi. Chimene chinamudzutsa ndi kabuku kena ka masewero kamene madala anatsegula dala n'kumuikira pamiyendo. Pa chithunzi panali mnyamata wakuda bii ngati ife, atavala jezi ya ng'ombe ija. "Agogo, uyu ndani?" Anali P.K. Subban, wotchinga kumbuyo amene anasewera ku Belleville kuyambira 2005 mpaka 2009. Bambo ake anachokera ku Jamaica, mayi ake ku Montserrat. Timu ya Montreal Canadiens inamusankha mu 2007, mu 2013 anapatsidwa Norris Trophy, mphoto ya wotchinga kumbuyo woposa onse mu NHL, ndipo mu 2014 anali mu timu ya Canada imene inatenga golide ku Olympics. Azing'ono ake awiri anadutsanso pa Belleville pomwepa: Malcolm, goloboyi, amene Boston Bruins inamusankha mu 2012, ndi Jordan, amene anali mu timu mpaka chaka chake chomaliza. Kufikira tsiku limenelo mwana wanga anali atagamula yekha mumtima kuti masewerowa ndi a azungu. Sanandiuze, koma ndinadziwa ndi mmene anagwirira kabuku kaja. Madala anamupatsa kuti kakhale kake.

Tsopano za imfa ya timu, chifukwa apa ndi pamene ife ochokera kumudzi timasokonezeka. Kwathu dzina limasintha ndi wothandiza. Tinaona Bata Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, uku anzathu a Manoma akuchoka pa Limbe Leaf kupita pa MTL mpaka Be Forward. Koma palibe anadzukapo m'mawa n'kumva kuti Bullets yagulidwa ndipo kuyambira chaka chamawa izisewerera ku Mzuzu ndi dzina lina. Blantyre ikhoza kuyaka. Kuno n'zotheka, ndipo n'zololedwa. Mu ligi ngati OHL mulibe zotuluka kapena kukwera. Malo a timu mu ligi ndi katundu wa mwini wake, ngati minibasi, ndipo ligi ikavomera akhoza kugulitsa pamodzi ndi osewera omwe, wogulayo n'kusintha njira.

Zinachitika pa 12 Malichi 2015. Kunalengezedwa kuti mwini timu, Gord Simmonds, wagulitsa a Bulls kwa Michael Andlauer, ndipo timu isamukira ku Hamilton kukakhala Hamilton Bulldogs. Nyengo ya masewero inali isanathe. Anyamata anapitiriza kusewera pamaso pa anthu odziwa kale kuti akutsanzikana. Analowa mu ndime ya chipulula, n'kugonja kanayi kotsatizana kwa Barrie Colts, basi nkhani n'kuthera pomwepo kumayambiriro kwa Epulo. Chaka chomwecho timu ina ya OHL, Plymouth Whalers, nayonso inasamukira ku Flint, ndiye si Belleville yokha imene inaona zoterezi.

Mukafunsa chifukwa chake mu tauni muno, konzekani kukhala pansi. Ena amati bwalo linali lakale ndi laling'ono, ndipo zokambirana za kulikonza zinatenga zaka popanda chooneka. Ena amati anthu eniake anali atayamba kuchepa ku masewero, ndiye asamalire mokweza. Ine monga mlendo ndinaphunzira kungomvetsera. Ndinayesapo kamodzi kuikapo maganizo anga pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo anthu awiri amene ankatsutsana anagwirizana nthawi yomweyo kuti ine sindikudziwa kanthu. Chimene chimawawa anthu ambiri n'chakuti timu itachoka bwalo lija linakonzedwa ndithu, ndi ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni. Anawonjezera mipando, ayezi wamkulu uja anamuchepetsa kufika pa muyezo wa NHL, ndipo chakumapeto kwa 2017 kunabwera timu ya akuluakulu, Belleville Senators, ya ligi ya AHL, imene imakonzekeretsa osewera a Ottawa Senators. Bwalo linadzatchedwa CAA Arena. Mu 2018 a Hamilton Bulldogs anatenga chikho cha OHL, ndipo ena mwa anyamata ake anali oti anasankhidwa timu ikadali Belleville. Madala anaonera pa TV, kenaka anazimitsa chikho chisanaperekedwe.

A Senators tinakawaonera, ndipo lonjezo langa kwa mwana linakwaniritsidwa mochedwa ndi chaka chathunthu. Masewero ake ndi apamwamba kuposa a junior, zimenezo n'zosatsutsika. Koma ndinamvetsa zimene madala ankatanthauza ponena kuti si chimodzimodzi. Wosewera wa AHL ndi bambo wapantchito, lero ali pano, mawa amuitana ku Ottawa. Wa junior ankabwera ali kamnyamata ka zaka 16, ankadya pa tebulo lanu, ankaphunzira kalasi imodzi ndi mwana wanu, n'kuchoka ndevu zitamera. Ku masewero a Senators mpaka lero mumaonabe majezi a Bulls apa ndi apo m'mipando, ndipo ovalawo amagwedezerana mutu.

Kwa inu amene mwangofika kumene m'matauni ang'onoang'ono a ku Canada, makamaka muli ndi ana, nazi zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Jezi ya pa kaunjika yang'anani kaye dzina lake pa intaneti musanalonjeze mwana chilichonse, chifukwa matimu a junior amene anatha kapena kusamuka ndi ambiri, ndipo majezi awo ndi amene amadzaza masitolo amenewa. Koma mukapeza kuti timuyo inafa, musataye jeziyo. Ine inanditsegulira makomo amene digiri yanga sinatsegule. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kuli agogo ena aamuna amene sankafuna kuti ndiwagwire n'komwe, ankangotembenukira kukhoma. Tsiku lina ndikuwaveka masokosi ndinangofunsa ngati analipo usiku umene Cheechoo anamwetsa zisanu. Anatembenuka. Dzina la mdzukulu wawo ankaliiwala, koma anandiuza mzere wa mpando umene anakhala. Kuyambira tsikulo ankanditchula kuti mnyamata wa Bulls, ngakhale sindinaonerepo a Bulls ndi maso angawa.

Mbiri ya timu yotere siivuta kupeza. Laibulale ya mu tauni imasunga nyuzipepala zakale ndipo ogwira ntchito amakuthandizani ulere. Mayina a osewera ndi zigoli za chaka chilichonse zili pa tsamba la hockeydb. Koma yambani ndi munthu wamkulu wapafupi, ndipo pitani ndi nthawi yokwanira, musapite mutateleka nyemba pamoto. Muzikumbukiranso kuti wokamba ndi mtima amawonjezera mchere. Madala ankati usiku wa 1999 munalowa anthu ochuluka kuwirikiza mipando, zimene nditaona kukula kwa nyumbayo ndinangozisiya choncho.

Mwana akati akufuna kusewera, musathamangire kugula zida zatsopano, mudzalira. Yambani ndi nthawi imene bwalo limatsegulidwa kwa aliyense kuti aphunzire kuima pa ayezi. Wanga anagwa mwezi wathunthu atagwira kachitsulo kokankha, pamene tiana ta zaka zinayi tikumuzungulira. Pali pulogalamu yotchedwa First Shift ya ana oyamba kumene, imene mtengo wake umaphatikiza zida zonse, ndipo bungwe la Jumpstart limathandiza mabanja opeza movutikira kulipira ndalama zolembetsera. Ine ndinachita manyazi kufunsa chaka choyamba, manyazi opanda pake. Nsapato ndi zotchinga mawondo ndi mapewa gulani zogwiritsidwa kale ntchito, poti phazi la mwana silidikira. Chisoti chokha ndicho musanyengerere: chikhale chosang'ambika, chomukwana, chokhala ndi chizindikiro cha CSA, bungwe loyesa miyezo ya katundu ku Canada. Mipeni ya kunsi kwa nsapato imafuna kunoledwa pafupipafupi. Ine sindinkadziwa, ndinkangoti mwana ndi waulesi, mpaka bambo wina anagwira nsapatoyo, n'kuyendetsa chikhadabo pa mpeni, n'kundiyang'ana mwachisoni.

Dziwaninso kusiyana kwa house league ndi rep. Yoyambayo ndi ya mu tauni momwemo, kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo munthu wolandira malipiro wamba akhoza kuikwanitsa. Ya rep ndi ya osankhidwa, ya maulendo ndi mahotela, ndipo imadya ndalama ngati chiswe. Ife amene timatumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi tiyenera kuwerengera bwino tisanavomere. Wanga anathera mu house league, ndipo sindikuona kuti anamanidwa kanthu. Nthawi zambiri anali wakuda yekha m'chipinda chovalira. Makolo ambiri anatilandira bwino, ena mpaka kumatinyamula pa galimoto yawo m'bandakucha. Kamodzi kokha mwana wa timu ina anamuyankhula mawu onyansa okhudza khungu. Musauze mwana kuti angopirira. Kauzeni kochi ndi woyimbira tsiku lomwelo, malamulo oletsa zimenezi alipo ndipo kwa ife anagwira ntchito.

Ngati mukufuna kuonera hockey ya junior muli dera lino, ilipobe. Wellington Dukes ndi Trenton Golden Hawks ali pafupi, mu ligi yaing'ono, matikiti ake otsika mtengo. Ya OHL yapafupi ndi Kingston Frontenacs, pafupifupi ola limodzi chakum'mawa, ngakhale madala anakana kwamtuwagalu kupita nafe, akuti sangakalipire ndalama kwa adani. Valani ngati mukupita panja, osati m'nyumba, ndipo tengani kabulangete koyala pa mpando.

Mu 2023 a Bulldogs nawonso anachoka ku Hamilton kupita ku Brantford, chifukwa bwalo la ku Hamilton linkafuna kukonzedwa. Nthawi imeneyo madala anali atasiya kuyenda okha, nyumba yawo atagulitsa, akukhala kwa mwana wawo wamkazi. Tinapita kukawaona ndi mnyamata wanga, amene tsopano anali atandipitirira msinkhu, jezi ija itayamba kumuthina m'mapewa. Nditawauza nkhaniyo anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti bwalo la ku Brantford limalowa anthu angati. Ndinayang'ana pa foni n'kuwauza kuti pafupifupi 3,000.

"Ngati lathu lija," anatero.

Anaseka mpaka mwana wawo anabwera ndi madzi. Atapuma anauza mnyamata wanga kuti atsitse katoni ya nsapato imene inali pamwamba pa kabati, n'kuyamba kufufuza tikiti ya 1999, kwinaku akupempha kuti wina awapatsire ndodo yawo.